Munthu Akagwiritsidwa Mwala

Madzulo ano tikambirana za bvuto limene silisankha munthu, ndilo la kugwiritsidwa mwala: kuyembekeza cinthu ndi mtima wonse, kucigwirira nchito, kucipempherera, koma potsiriza osacilandira.

Ambiri a inu mukumbukira dzinja la 2023 kulowa 2024. Alimi anabzala pa nthawi yace, ena anacita kukongola ndalama za feteleza, ndipo cimanga cinamera bwino. Koma pakati pa dzinja mvula inadula, cimanga nicipserera m'minda cisanabereke. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse, popeza mahekitala pafupifupi 1,000,000 a cimanga anali ataonongeka. Pakati pa alimiwo panali Akristu ambiri amene anagwada m'machalichi kupempha mvula, koma mvula sinabwere pa nthawi imene inafunika.

Aliponso ena amene cilala cao siciri ca m'munda. Mwana analemba mayeso, dzina lace silinatuluke. Mnyamata ali ndi mapepala a sukulu m'sutikesi, zaka zikupita, nchito osaipeza. Mai wakhala m'banja zaka khumi wopanda mwana, ndipo akucimuna ayamba kunong'onezana. Bambo anacotsedwa nchito ku migodi ana ace asanatsirize sukulu.

Kodi cikhulupiriro ca Cikristu ciri ndi mau otani kwa anthu otere? Ena amafulumira kuyankha ndi mwambi uja wakuti sunga khosi, mkanda woyera udzabvala. Mwambiwo ngwabwino, koma tinene zoona: alipo amene anasunga khosi moyo wao wonse, mkanda osaubvala. Ngati cikhulupiriro citonthoza okhawo amene potsiriza amalandira cimene anafuna, ndiye kuti ambiri a ife catisiya panja. Cotero tiyeni tione moyo wa munthu wina amene mtima wace unaikidwa m'nthaka ya dziko lathu lino.

Ku sukulu tinaphunzira za David Livingstone monga munthu wodziwika, ndipo mzinda wathu wina uli ndi dzina lace. Koma sitimva kawirikawiri kuti pa zinthu zazikulu zimene munthuyu anayembekeza, pafupifupi zonse zinamkanika iye ali moyo.

Anabadwa mu 1813 ku Scotland, m'banja losauka, nayamba kugwira nchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Anaphunzira za udokotala ndi colinga cakuti akalalikire ku China. Ali pafupi kutsiriza, nkhondo inabuka pakati pa Britain ndi China mu 1839, ndipo khomo linatsekeka. Motero mu 1841 anafika kuno ku Africa, kumene sikunali m'maganizo ace poyamba.

Anakhala zaka pafupifupi khumi pakati pa Batswana, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye adziwika kuti anatembenuka mtima ndi ulaliki wace. Ameneyo anali Sechele, mfumu ya Bakwena, amene anabatizidwa mu 1848. Pasanathe caka, Livingstone anamuimitsa mu mpingo kaamba ka nkhani ya mmodzi wa akazi amene mfumuyo inawasiya pobatizidwa. Pa Kolobeng pomwepo cilala cinakhala zaka zingapo, mtsinje unaphwa, ndipo anthu anati mvula yathawa cifukwa mfumu yao, imene kale inali yoitana mvula, yalowa Cikristu. Kamwana kace ka Livingstone kanamwalira pomwepo mu 1850.

Pakati pa 1853 ndi 1856 anayenda kufika ku Luanda, nabwerera kutsata mtsinje wa Zambezi mpaka ku Quelimane. Anapita kwao ndi uthenga wakuti Zambezi ndi mseu umene Mulungu anaukonza. Anati masitima adzakwera nao mpaka kufupi ndi mapiri a Batoka, kuno kwathu ku Cigawo ca Kumwera, kudzetsa Uthenga Wabwino ndi malonda oyenera, ndipo malonda a akapolo adzafa okha. Boma la Britain linamkhulupirira, nilimpatsa ndalama ndi anthu. Koma panali kanthu kamodzi. Potsika ndi mtsinjewo mu 1856, iye anausiya nadzera pamtunda asanafike ku Tete, cotero sanaone ndi maso ace mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa. Mu November 1858 anafika pamenepo, naona miyala ndi madzi olusa amene sitima singapyolepo. Ciyembekezo cimene anacilengeza pamaso pa anthu onse cinathera pa miyala imeneyo.

Anatembenukira ku mtsinje wa Shire, nafika ku nyanja ya Malawi mu 1859. Mu 1861 amishoni otsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie anakhazikika pa Magomero, pakati pa Amang'anja, anthu olankhula cinenero cathu comwe cino. Mu January 1862 Bishopu uja anafa ndi malungo. Pa 27 April caka comweco mkazi wa Livingstone, Mary, anafanso ndi malungo pa Shupanga, patangopita miyezi itatu cibwerere kudzakhala ndi mwamuna wace. Njala ndi nkhondo zinasakaza cigwa ca Shire, ndipo cowawa koposa, ogula akapolo anayamba kutsata njira zomwe iye anazitsegula. Mu 1863 boma linamuitana kuti abwerere, ndipo caka cotsatira amishoni otsala anasamukira ku Zanzibar.

Ulendo wace wotsiriza unayamba mu 1866, wofuna gwero la mtsinje wa Nile. Anaganiza kuti akalipeza, anthu adzamvera mau ace otsutsa ukapolo. Koma mtsinje wa Lualaba umene anauyesa Nile unali ciyambi ca Congo. Anathera m'madambo a Bangweulu, wodwala, akunyamulidwa pa macila. Kumayambiriro kwa May 1873, m'mudzi wa mfumu Chitambo, anthu ace anampeza atafa, ali cigwadire pambali pa kama wace. Ku China sanafike, Zambezi sinakhale mseu, mishoni inapasuka, gwero la Nile sanalione, ndipo ukapolo anausiya ulipobe.

Tsono tiphunzirapo ciani ife? Ndinena zinthu zinai.

Coyamba, munthu wogwiritsidwa mwala anene zoona za kuwawa kwace. Pa Luka 24 timawerenga za ophunzira awiri amene anali kucoka ku Yerusalemu kupita ku Emau, ulendo wa makilomita ngati 11, Yesu atapacikidwa. Anali kubwerera kumudzi monga anthu amene nkhani yao yatha. Ambuye anawapeza m'njira, iwo osamzindikira, ndipo cinthu coyamba cimene anacita ndico kuwafunsa zimene anali kukambirana. Anawalola kukhuthula zonse, mpaka ananena okha kuti ciyembekezo cao cinali pa munthu ameneyo ndipo tsopano cafa. Kuwadzudzula ndi kuwaphunzitsa kunabwera pambuyo pace. M'buku la Masalmo mulinso mapemphero ambiri odandaula, ndipo Salmo 88 liyamba ndi kulira nilithera mumdima, popanda mau a citonthozo pa mapeto. Ngati pemphero lotere linapatsidwa malo m'Malembo, ndiye kuti Mulungu sadabwa ndi misozi yathu. Livingstone mwini, ataika mkazi wace pansi pa mlambe pa Shupanga, analemba m'buku lace kuti pa nthawiyo anafika polakalaka imfa. Sanadzibise.

Ife kawirikawiri timacita manyazi. Timayankha kuti tiri bwino pamene m'kati mukuyaka moto, poopa kuti anzathu a mu mpingo adzati cikhulupiriro cathu ncocepa. Koma cironda cobisa sicipola. Uzani Mulungu monga momwe ziliri, ndipo uzaninso munthu mmodzi wokhulupirika.

Caciwiri, misozi ikacepa, tikhale pansi ndi kusiyanitsa cimene Mulungu analonjeza ndi cimene ife tinafuna. Ophunzira a ku Emau anayembekeza mfumu yodzapitikitsa Aroma, koma Yesu sanalonjeze zimenezo. Livingstone anati Zambezi ndi mseu wa Mulungu, cikhalirenico panali cigawo ca mtsinjewo cimene sanacione. Makolo athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Kawirikawiri timawerengera wa pacala, timaikapo dzina la Mulungu, ndipo mphepo ikautenga timati Mulungu watinamiza.

Kudzifunsa kotere nkowawa, ndipo Livingstone mwini sanakukhoze bwino. Zinthu zitayamba kubvuta pa Zambezi, anakangana ndi anzace a pa ulendo, ndipo mmodzi wa iwo, Thomas Baines, anamcotsa nchito pomnenera kuba popanda umboni wokwanira. Munthu wokhumudwa amafuna woti amsenzetse mlandu. Kwathu kuno timathamangira kuloza cala nkhalamba ya m'mudzi kuti ndi mfiti, kapena mwamuna amathamangitsa mkazi wace cifukwa ca kusabala asanapite iye mwini kukapimidwa. Pamenepo tsoka limodzi labala lina.

Tiyeni tipatule bwino. Pali mbali imene iri yathu: mwana amene sanawerenge abvomere kuti sanawerenge, ndipo wamalonda amene anadya mpamba abvomere kuti anaudya. Kulapa kumatsegula njira. Koma palinso mbali imene siiri yathu konse. Mlimi amene anabzala pa nthawi yace mvula nidula sanalakwe kanthu. Cenjerani ndi aliyense wokuuzani kuti mwalephera cifukwa simunapereke ndalama zokwanira kwa iye, kapena kuti pemphero la munthu wokhulupirira silikanidwa. Mtumwi Paulo afotokoza pa 2 Akorinto 12 kuti anapempha katatu kuti cobvuta cina ca m'thupi mwace cicoke, ndipo sicinacoke. Cimene analandira ndico cisomo comkwanira kuti apirire naco. Ndani mwa ife anganene kuti Paulo analibe cikhulupiriro? Ambuye Yesu mwini m'munda wa Getsemane anapempha kuti cikho ca masautso cimpitirire, koma anacimwa ndithu. Mulungu sanatilonjeze kuti ciri conse cimene tifuna cidzacitika. Analonjeza kuti sadzatisiya tokha.

Cacitatu, tigwire nchito imene iri patsogolo pathu lero. Pa 1 Mafumu 19 mneneri Eliya, ataona kuti kupambana kwace pa phiri la Karimeli sikunasinthe mtima wa olamulira, anathawira kucipululu, nakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Mulungu sanayambe ndi ulaliki. Anamlola kugona, namtumizira cakudya ndi madzi kawiri, ndipo pambuyo pace anampatsa nchito yoti akacite, namuuza kuti alipo anthu 7,000 okhulupirika amene iye sanali kuwadziwa. Munthu wosweka mtima afunika kudya, kugona, kupatsidwa cocita, ndi kukumbutsidwa kuti sali yekha.

Pano ndifuna tikumbukire anthu amene mbiri imawaiwala. Pamene Livingstone anafa, anthu ace anali kutali ndi kwao, mtsogoleri wao atapita, malipiro ao osadziwika. Akadatha kumuika pomwepo ndi kubalalika. Koma motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma anaika mtima wace pansi pa mtengo wa mupundu, umene kwathu timati muula, naumitsa thupi ndi mcere ndi dzuwa, nalinyamula miyezi isanu ndi inai, mtunda woposa makilomita 1,500, mpaka ku Bagamoyo pa gombe la nyanja yamcere. Ena anafera m'njira. Pa mwambo wa maliro ku Westminster Abbey mu April 1874, Susi ndi Chuma panalibe. Sanalandire ulemu wolingana ndi thukuta lao, komabe anatsiriza cimene anaona kuti ncoyenera. Ndipo dziwani kuti Chuma ameneyu anali mmodzi wa ana amene anaomboledwa kwa ogula akapolo mu 1861, pa masiku a mishoni ija ya Magomero imene anthu anaiyesa yolephera.

Madzi akataika saoleka, koma citsime cikadalipo. Mlimi amene cimanga cace capsa atsikire ku dimba, ndipo caka cotsatira asaike mtima wonse pa mbeu imodzi, abzaleko cinangwa, mapira kapena mbatata zimene zimapirira dzuwa. Mwana amene mayeso anamkanika angathe kulembanso, kapena kuphunzira nchito ya manja. Banja losowa mwana lipite ku cipatala onse awiri, pakuti bvutolo lingakhale mwa mwamuna monga momwe lingakhalire mwa mkazi. Ndipo inu a mu mpingo, mutu umodzi susenza denga. Mukamva kuti mnzanu zamkanika, musadikire kuti abwere kudzapempha. Pitani mukakhale naye, ngakhale mulibe mau. Ngati cisoni capitirira masabata ambiri, munthu sagona, sadya, kapena wayamba kulankhula za kudzipha, musacedwe: mperekezeni ku cipatala, pakuti kupemphera ndi kuonana ndi dokotala sizitsutsana.

Cacinai, tibvomere kuti zokolola zina sizipsa ife tiri moyo. Patangopita milungu isanu Livingstone atafa, mu June 1873, Sultan Barghash wa ku Zanzibar anasaina pangano lotseka msika waukulu wa akapolo pa cisumbuco. Pa malo a msikawo panamangidwa chalichi cacikulu, ndipo ocimanga anali a mishoni yomwe ija inacoka ku Magomero. Mu 1875 amishoni ena a ku Scotland anafika ku Cape Maclear nayamba mishoni ya Livingstonia. Iwonso anayamba ndi kukumba manda a anzao, ndipo munthu woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, patapita zaka zoposa zisanu. Koma kucokera ku mishoni imeneyo kunaturuka aphunzitsi ndi alaliki ambiri, ndipo mmodzi wa iwo, David Kaunda, anatumidwa ku Chinsali, kumene anabala Kenneth Kaunda, Mtsogoleri woyamba wa dziko lathu mu 1964. Ngakhale Sechele uja anaimitsidwa mu mpingo sanataye Baibulo lace, anapitiriza kuphunzitsa anthu ace zaka zambiri Livingstone atacoka.

Sindikunena kuti zonse zotsatira zinali zabwino. Malonda a akapolo anapitirirabe m'madera athu ano mpaka m'zaka za m'ma 1890, ndipo m'njira zomwezo munadzeranso atsamunda amene analanda nthaka ndi ufulu wa makolo athu. Sindikulonjezanso kuti aliyense wa inu dzina lace lidzakumbukika. Cimene ndifuna mugwire ndi ici: munthu uja anagwada m'kanyumba ka udzu kwa Chitambo sanadziwe ngakhale cimodzi ca zabwino zimene ndafotokozazi. Monga momwe iye anaonera, anafa asanatsirize kanthu. Komabe anafa ali cigwadire. Mose anatsogolera anthu zaka 40 m'cipululu, ndipo dziko lolonjezedwa anangoliona ali pa phiri la Nebo, osalowamo. Ahebri 11 awerenga anthu ambiri acikhulupiriro amene anafa asanalandire zimene anaziyembekeza, ndipo sawayesa olephera.

Nanga ophunzira aja a ku Emau zinawathera bwanji? Cimene anayembekeza sicinabwezedwe. Aroma sanacoke, ndipo m'caka ca 70 anapasula Yerusalemu yemweyo. Koma madzulo a tsiku lija anaumiriza mlendo uja kuti agone kwao, ndipo pamene ananyema mkate anamzindikira kuti ndi Ambuye wamoyo. Usiku womwewo ananyamuka kubwerera ku Yerusalemu kumene anacokako ndi cisoni. Apa ndiye pagona ciyembekezo ca Mkristu. Sicitsamira pa mvula ya caka cino, kapena pa kalata ya nchito, kapena pa zotsatira za mayeso, ngakhale zonsezi nzofunika ndipo nkoyenera kuzipempherera. Citsamira pa Iye amene anaikidwa m'manda nauka, amene amayenda ndi anthu ngakhale pamene iwo sakumzindikira.

Cotero inu amene mukundimva madzulo ano mtima uli wolema, sindingakuuzeni kuti cimene mwakhala mukucidikira cidzabwera mawa. Mwina cidzabwera, mwina cidzabwera mwa mtundu wina, mwinanso adzaciona ndi ana anu. Lirani ngati misozi iripo. Funsani mtima wanu kuti mbali yanu ndi iti, muikonze, ndipo imene siiri yanu muitule. Mawa m'mawa mudzuke, mudye, mutenge khasu kapena buku, ndipo mukaone mnzanu amene zinthu zamkanika monga inu. Musaleke kupemphera ngakhale pemphero lanu litakhala lodandaula lokhalokha, pakuti wodandaula kwa Mulungu akali kulankhula naye.

Mugone bwino, ndipo Mulungu akusungeni kufikira tidzakumanenso.